Galimoto imodzi, mabaji awiri: asiyanitse pati kuti wogula akhutire?

Kupanga galimoto yothamanga ya zitseko ziwiri, ija amati sports coupe, ndi bizinesi yovuta kwabasi masiku ano chifukwa ogula ake ndi ochepa pomwe ndalama zoipangira ndi zankhaninkhani, chasisi yakeyake, injini, kuiyesa pa ngozi, malamulo a utsi a dziko lililonse, zonsezo pa galimoto yoti siingayende malonda ngati Corolla olo pang'ono. Nchifukwa chake makampani amagwirana manja awiriawiri, Toyota ndi Subaru, Toyota ndi BMW, Mazda ndi Fiat, kuti agawane mtolowo. Pamenepo palibe vuto. Vuto limadza galimoto ija ikatuluka m'fakitale, aliyense akufuna aigulitse ndi baji yake, nde munthu wabwera ndi ndalama zake akufunsa kuti nditenge iyi kapena iyo, zikusiyana chani? Yankho likakhala loti palibe, dziwani kuti kampani imodzi mwa ziwirizo ikulira.

Kwathu kuno nkhani ya magalimoto amapasa siyachilendo ayi. Passo ndi Daihatsu Boon ndi chinthu chimodzi, Mazda Carol ndi Suzuki Alto, Familia Van yakale ija ndi Nissan AD, ndipo abale athu ali ku Joni akudziwa kuti Starlet yatsopanoyi ndi Suzuki Baleno. Koma pa magalimoto amenewo palibe amadandaula, bola isamamwe mafuta ambiri komanso masipeya azipezeka. Sports coupe nde ina, munthu amaigula ndi mtima, akugula dzina, mbiri, kulira kwa injini, mmene ikumvekera m'manja ukamakhota. Njira zosiyanitsira zilipo zingapo ndithu ndipo zonse zinayesedwapo, zina zinagwira zina zinagwetsa anthu mphwayi.

Yotchipa kuposa zonse ndi yongosintha baji, bampala ndi magetsi akutsogolo basi. Chrysler ndi Mitsubishi anapanga zimenezi pa fakitale yawo ya Diamond-Star Motors ku Normal, Illinois, pomwe kuyambira 1989 galimoto imodzi imatuluka ndi mayina atatu, Mitsubishi Eclipse, Eagle Talon ndi Plymouth Laser. Galimotoyo inali yabwino zedi, makamaka ya turbo ija, koma Laser inatha mu 1994, Talon mu 1998, inatsala ndi Eclipse yomwe inapitirira mpaka 2011. Zifukwa zinalipo zambiri, Eagle yeniyeniyo, lomwe linali dzina la magalimoto la Chrysler, inatsekedwa, komabe phunziro lake ndi loonekeratu, anthu amadziwa mwini injini ndipo dzina limene limakhalitsa ndi lake.

Toyota 86 ndi Subaru BRZ zoyamba za 2012 zinali pafupi kwambiri ndi njira yomweyi. Zonse zimapangidwa pa fakitale ya Subaru ku Ota m'chigawo cha Gunma, injini ndi imodzi ya 2.0 lita ya masilinda anayi ogona chopingasa ija amati boxer, mphamvu pafupifupi 200 hp, yokoka ndi matayala akumbuyo. Mukatsegula boneti ya 86 mupeza pachivundikiro cha injini palembedwa mayina onse awiri, Toyota ndi D-4S yake yothira mafuta, Subaru ndi boxer yake, sanabise nkomwe. Kunja nde kusiyana kwake kunali kamwa la bampala, la Subaru lija la makona asanu ndi limodzi, kenako kabaji kapambali pa mudigadi komwe a Toyota anaikapo 86 pakati pa mapisitoni awiri. Munthu wosazitsata akaziona zitaima limodzi sangakuuzeni iyi ndi iti. Ubwino wa njirayi ndi mtengo, galimoto inatuluka yotchipa moti achinyamata ambiri anaikwanitsa, ndipo ine ndimaona kuti chimenecho sichinthu chochepa. Kuipa kwake nkoti wogula amangopita komwe kuli pafupi kapena komwe amuchotserako mtengo, ndipo pampikisano umenewo Toyota ndi mashopu ake ambirimbiri dziko lonse sangagonje kwa Subaru.

Apa ena amafunsa kuti bwanji Subaru sanangoika yokoka matayala onse anayi pa BRZ, poti ndi chimene amadziwika nacho? Pakamwa zikumveka bwino, mmodzi yakumbuyo mnzake ya onse anayi, nkhani yatha. Koma injini ya galimoto imeneyi anaiika pansi kwambiri komanso anaikankhira kumbuyo kuti kulemera kukhale pakati, nde malo oti padutse zitsulo zopititsa mphamvu ku matayala akutsogolo palibe. Kuti zitheke amafunika kukweza injini ndi kuikokera kutsogolo, kutanthauza chasisi ina, ndalama zina, ndipo chomwe chimaikometsa galimotoyo chikanathera pomwepo. Njira imeneyi imatheka pokhapokha mutaiganizira tsiku loyamba musanajambule kalikonse.

Njira imene ine imandigwira mtima ndi yosiyanitsa kayendedwe, masipulingi, mashoko, zitsulo zoletsa galimoto kupendekeka pokhota, ndi mmene injini ikuyankhira ukaponda moto. Izi sizioneka pa chithunzi koma ndi zomwe woyendetsa amakhala nazo tsiku lililonse. Pa m'badwo woyamba uja anayesako pang'ono, 86 anaipanga kuti kumbuyo kuzitayika msanga ukaiponda pakona pomwe BRZ imagwira msewu modekha, koma kusiyanako kunali kochepa moti ambiri samakumva. Pa m'badwo wachiwiri wa 2021, GR86 ndi BRZ, nde anachita zenizeni. Injini inakula kufika 2.4 lita, mphamvu pafupifupi 230 hp pa zonse ziwiri, ndipo kufooka kuja komwe anthu amadandaula nako pa yakale, koti ukafika cha pa 4000 rpm mphamvu imakhala ngati yabwerera kaye, kunachepa kwambiri. Koma pansi pake anasiyana dala. Subaru anaika ma knuckle akutsogolo, zitsulo zija zimagwira tayala ndi kulikhotetsa, a aluminiyamu opepuka, Toyota anakhalabe pa achitsulo. Chitsulo choletsa kupendekeka chakumbuyo Subaru anachimangirira ku bodi yeniyeniyo, Toyota anachisiya pa sabufuremu ngati kale. Masipulingi osiyana, kompyuta ya injini yoyankha mosiyana. Zotsatira zake, GR86 ndi yachangu, ukangogwedeza chiwongolero yalowa kale, kumbuyo kukufuna kusewera, pomwe BRZ ndi yokhazikika, imakupatsa chidaliro pa liwiro lalikulu ndipo siikudzidzimutsa. BRZ inayamba kugulitsidwa ku Japan miyezi ingapo GR86 isanatuluke, a Toyota anali akukonzabe yawo kuti imveke mwa iwo eni.

Taganizirani, palibe anapanga injini yachiwiri, palibe anapanga zitseko zina kapena denga lina, fakitale ndi yomweyo, koma anthu awiri okonda magalimoto akhoza kukangana usiku wonse kuti yabwino ndi iti ndipo aliyense ali ndi mfundo yomveka. Kumeneko nde kusiyanitsa kwanzeru. Ndipo zikugwirizana ndi mbiri ya aliyense, dzina la 86 likuchokera ku AE86, Corolla ya 1983 mpaka 1987 imene anthu amaikonda chifukwa chotereretsa kumbuyo pamakona, pomwe Subaru anthu amaidziwa ndi kugwira msewu kaya kuli mvula kaya chipale. Chofooka cha njirayi ndi chimodzi, kuigulitsa nkovuta. Munthu wongoyenda mtauni pa 50 kapena 60 sadzamva kanthu, ndipo wogulitsa sangamuonetse knuckle ya aluminiyamu galimoto ili chiimire. Imafuna wogula woti ayendetse zonse ziwiri, ndipo oterowo ndi ochepa.

Njira ina ndi yoti aliyense abwere ndi injini yake. Iyi imaoneka ngati ndi yolemekezeka kuposa zonse poti injini nde mtima wa galimoto, koma taonani zomwe zinachitikira Fiat. Mgwirizano wawo ndi Mazda poyamba unali woti papangidwe Alfa Romeo pa chasisi ya Mazda MX-5, kenako Sergio Marchionne, bwana wa Fiat ndi Alfa Romeo panthawiyo, anati Alfa Romeo izipangidwa ku Italy basi, nde ntchito ija inapita kwa Fiat nkutuluka 124 Spider mu 2016. Iyi ndi yadenga lotsegula osati coupe, koma nkhani yake ndi yomweyi. Fiat anachita khama ndithu, bodi yakunja anaisintha pafupifupi yonse, inatalikirako ndi masentimita ngati 14, nkhope anatengera 124 Sport Spider ya 1966, ndipo injini ya 1.4 turbo imapangidwa ku Italy nkutumizidwa pa sitima mpaka ku Hiroshima kukaiika pa mzere womwewo wa MX-5. Mazda anakhalabe ndi zake zopanda turbo za 1.5 ndi 2.0 zofuna uzizikweza marevu. Poyendetsa zinali zosiyanadi, Fiat imakoka bwino pakatikati turbo ikadzuka, Mazda imayankha pompopompo ndipo imakoma ukamaikweza mpaka kumapeto. Koma ukatsegula chitseko nkukhala pansi, dashibodi ndi ya Mazda, sikirini ya Mazda, mabatani a Mazda, anthu mpaka anaipatsa dzina loti Fiata, kuphatikiza Fiat ndi Miata, dzina lina la MX-5, ndipo pofika 2020 inali itasiya kupangidwa pomwe MX-5 ikupitabe mpaka lero. Zimandimvetsa chisoni chifukwa ya Abarth ija, 124 Spider yowonjezeredwa mphamvu, inali galimoto yokoma ndipo imalira bwino. Injini ziwiri zikutanthauza kuyesa utsi kawiri, kuziziritsa kosiyana, giyabokosi yoti ipirire mphamvu ina, masipeya awiri, nde ndalama zomwe mumati mupulumutse pogwirizana zija zambiri zimathera pomwepa, ndipo ngati mnzakoyo ali ndi dzina lomwe anthu akhala akulikhulupirira kuyambira 1989 ngati MX-5, injini yokha siikupulumutsa.

Toyota ndi BMW anatenga njira ina, kugawana ntchito ya galimoto. Wina coupe wina yadenga lotsegula. Z4 yatsopano ya BMW inaonetsedwa mu 2018 ili ndi denga lansalu, GR Supra inaonetsedwa ku Detroit mu Januwale 2019 ili ndi denga lolimba lokhala ndi timatumphu tiwiri pamwamba pa mitu ya okwera. Ntchito yopanga zonse ziwiri inapatsidwa kwa kampani ya Magna Steyr ku Graz m'dziko la Austria, injini ndi za BMW, 3.0 lita ya masilinda asanu ndi imodzi ondondozana ija amati B58 komanso ina ya 2.0, giyabokosi ya otomatiki ya ZF ya magiya 8. Mtunda wa pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo ndi 2470 mm, wofupika kuposa wa 86 womwe ndi 2570 mm, nchifukwa chake Supra ili ndi mipando iwiri yokha. Atagwirizana za maziko amenewa magulu awiriwa anapatukana, aliyense kukakonza yake, la Toyota motsogozedwa ndi Tetsuya Tada yemweyo amene anatsogolera 86. Kunja simungazisokoneze, sizifanana olo pang'ono, ndipo ogula ake ndi anthu osiyana, wa Z4 akufuna kuyenda mphepo ikumuwomba Loweruka masana, wa Supra akufuna kukathamanga pa bwalo la mpikisano. Sakulandana makasitomala kwenikweni. Pa nkhani ya bizinesi iyi nde njira yoyera kuposa zonse.

Koma pali pomwe Toyota anapunthwa ndipo ndikuona kuti aliyense wofuna kupanga mgwirizano wotere aphunzirepo. Mkati. Ukalowa mu Supra ndodo ya giya ndi ya BMW, kabatani kozungulira koyendetsera sikirini ndi ka iDrive, mabatani a eyakoni ndi a BMW, olo kabelu kolira ukatsegula chitseko ndi ka BMW, ukatsegula boneti zizindikiro za BMW zili pa zipangizo zambirimbiri. Sikuti zinthuzo ndi zoipa ayi, ndi zabwino zedi, ndipo B58 ndi injini yamphamvu yomwe okonda kuwonjezera mphamvu anaikonda msanga. Koma dzina loti Supra linali ndi katundu wolemera, anthu anadikira kuyambira 2002 pomwe ya A80 ija ya injini ya 2JZ inasiya kupangidwa, nde atapeza kuti chilichonse chomwe dzanja likugwira ndi cha ku Germany ambiri zinawapweteka. Akanaipatsa dzina latsopano mwina phokoso silikanakhalapo. Apa ndi pomwe ndimati kusankha dzina nakonso ndi njira yosiyanitsira ndipo ndi yoopsa, dzina lakale limakoka anthu mwachangu koma limabwera ndi ngongole yoti ubweze. 86 inabweza ngongole yake chifukwa inali yopepuka, yotchipa, yokoka kumbuyo ngati AE86, anthu sanasamale kuti injini ndi ya Subaru. Ya Supra ngongole yake inali injini yeniyeniyo.

Chinthu chimodzi chomwe Toyota anachita bwino pambuyo pake ndi kubweretsa giya ya manyuwo pa Supra ya 3.0 mu 2022, Z4 ya masilinda asanu ndi imodzi isanakhale nayo, BMW anadzatsatira mu 2024. Kwa kanthawi ndithu munthu wofuna kalachi ndi B58 pa galimoto ya mipando iwiri amayenera kupita kwa Toyota. Kupatsana nthawi chonchi, wina ayambe ndi chinthu china mnzake adikire, ndi njira yotchipa koma imagwira.

Zina ndi zamalonda chabe, sindikhalitsapo. Mukhoza kugawana misika, kapena mayina malinga ndi dera, ngati mmene 86 imatchedwa GT86 ku Ulaya ndi Scion FR-S ku America mpaka Scion, dzina lina la Toyota kumeneko, itatsekedwa mu 2016. Mukhoza kusiyanitsa ndi zoikamo, wina ayambire yotchipa yopanda zambiri wina ayambire yodzadza. Mukhozanso kugwiritsa ntchito nthambi zanu za mpikisano, Gazoo Racing ya Toyota uku STI ya Subaru uko, BRZ tS ndi mabuleki ndi mashoko ake, komanso BRZ inapambana kalasi ya GT300 mu mpikisano wa ku Japan wa Super GT mu 2021 zomwe zinaipatsa mbiri yakeyake. Zimathandiza koma ndi zokometsera pamwamba, sizingapulumutse galimoto yomwe pansi pake palibe kusiyana.

Nde nditati ndisankhe, ndingatenge ziwiri, malinga ndi ndalama zomwe zilipo. Ngati ndalama zilipo ndipo makampani awiriwo ali ndi makasitomala osiyana, gawanani bodi ngati Supra ndi Z4, koma musaumire pa zamkati, chiwongolero, mipando, mawotchi apadashibodi, ndodo ya giya, kulira kwa ekizozi, zimenezi aliyense apange zake olo zidule, chifukwa ndi zomwe munthu amagwira ndi kumva tsiku ndi tsiku, pomwe mawaya, makompyuta ndi chasisi palibe amaziona. Ngati ndalama ndi zochepa ndipo cholinga ndi galimoto yoti wachinyamata aikwanitse, chitani za GR86 ndi BRZ, bodi imodzi injini imodzi koma mainjiniya a mbali iliyonse apatsidwe ufulu weniweni pa sasipenshoni. Ya injini ziwiri ndingaizembe pokhapokha onse awiri ali ndi mayina olemera mofanana. Ya baji yokha ija ndi ya Passo ndi Boon, pa sports coupe ayi.

Kwa ife oitanitsa zogwiritsidwa kale ntchito kuchokera ku Japan kudzera pa Dar es Salaam nkulowera pa Songwe, nkhani imatembenuka pang'ono, kufanana kuja komwe makampani amakuthawa kwa ife ndi phindu. 86 ndi BRZ zoyamba masipeya ambiri amalowana, nde osaumirira baji, tengani yomwe ili bwino komanso mtengo wake ukumveka, ndipo mupeze makaniko wodziwa Subaru chifukwa olo baji ikhale ya Toyota injiniyo ndi boxer, kusintha mapulagi kokha ndi ntchito poti ali m'mbali mothinana ndi chasisi. Supra nayo musaitengere kwa aliyense wokonza Hilux poganiza kuti ndi Toyota, imafuna wodziwa BMW ndi makina ake oyezera, oyilo wake ndi wa BMW. Musaiwalenso kuti magalimoto amenewa ndi otsika kwambiri, 86 ili pa masentimita ngati 13 kuchokera pansi, mahampu ndi maenje a m'misewu yathu muziwawoloka chopingasa pang'onopang'ono apo ayi bampala ithera panjira, komanso msonkho umatsatira kukula kwa injini ndi zaka za galimoto nde 2.0 ndi 3.0 sizingafanane pa boda. Poitanitsa masipeya muzitchula nambala ya chasisi osati dzina lokha, 86 yoyamba ndi ZN6, BRZ yoyamba ndi ZC6, GR86 ndi ZN8, BRZ yachiwiri ndi ZD8. Pa ziwiri zatsopanozi samalani ndi masipulingi ndi ma knuckle, zimatha kuoneka ngati zikulowa koma si zofanana, nde osaika ya Subaru mbali imodzi ya Toyota mbali inayo, mukasintha sinthani mbali zonse ziwiri ndi za mtundu umodzi.